Nanga Madzi Ankatunga Ndani?

Teremu yatha ndinali pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'chigwa cha Domasi, kumene ndinapita kukayeserera ntchito ya uphunzitsi. Tsiku lina ndinali ndi phunziro la mbiri yakale, ndipo mutu wake unali wa Agiriki. Mabuku anali ochepa, choncho usiku ndinagula bandulo n'kufufuza zithunzi pa intaneti kuti ana akaone ndi maso awo. Zimene zinabwera zinandikondweretsa. Panali nyumba za nsanamira zazitali zoyera mbee, nyanja yobiriwira kumbuyo kwake, maluwa pena paliponse, ndi anthu ovala nsalu zopepuka atakhala pamipando ya miyala yosalala ya mabo. Wina akuwerenga, wina akuimba zeze, wina wangogona chammbali akuyang'ana kutali.

M'mawa ndinayendetsa foni ija mzere ndi mzere. Ana anasirira. Itafika kumbuyo, mtsikana wina amene yunifolomu yake inali yonyowa paphewa anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenako anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, anthu onsewa angokhala. Nanga madzi ankatunga ndani?"

Kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka, n'kunena kuti tipitirize. Koma yankho ndinalibe. Madzulo ndikudutsa m'mbali mwa mtsinje wa Domasi ndinaona amayi akuchapa, ena akuchokera kuminda ya mpunga matope ali m'maondo, ndipo funso lija linayamba kundivuta. Mwana uja anali atatunga madzi asanabwere kusukulu. Iye amadziwa kuti nsalu yoyera pali amene waichapa, ndipo bwalo losesedwa pali amene wawerama ndi tsache. Pa chithunzi chija munthu ameneyo panalibe.

Maganizo anga ndi awa: chithunzi chokongoletsa zakale mpaka kuchotsamo anthu amene ankasenza katundu si chabwino kuphunzitsira, kaya m'kalasi kaya m'tchalitchi. Chimanama mwaulemu, ndipo bodza laulemu ndi limene limakhalitsa m'mutu.

Anajambula ndani?

Nditabwerera ku koleji ndinafufuza kumene zithunzi zija zinachokera. Palibe n'chimodzi chomwe chimene chinajambulidwa ndi Mgiriki wakale. Zambiri zinali za akatswiri a ku London a zaka za m'ma 1800. Wina ndi Lawrence Alma-Tadema, wobadwira ku Netherlands mu 1836, amene anakhazikika ku England n'kumwalira mu 1912. Wina ndi Frederic Leighton, amene anajambula atsikana a Chigiriki akutola timiyala m'mbali mwa nyanja ndi ena akusewera mpira. Wina ndi John William Godward, amene ankakonda kujambula akazi atangokhala kapena atagona pamiyala ya mabo. Anthuwa anakhala ndi moyo patapita zaka zoposa 2,000 kuchokera pamene mzinda wa Athens unali pachimake.

London wa masiku awo anali mzinda wa utsi wa malasha, mafakitale, ndi anthu osauka othithikana m'tinyumba. Ogula zithunzizi anali anthu achuma, ambiri mwa iwo olemera chifukwa cha mafakitale ndi malonda omwewo. Munthu wotere akabwera kunyumba sankafuna kuona wantchito wotuluka thukuta pakhoma la pabalaza pake. Ankafuna dzuwa, bata ndi ukhondo. Ojambulawo anampatsa zimenezo n'kuzitcha Greece. Kunena zoona, zithunzizi zimatiuza zambiri za zimene olemera a ku London ankalakalaka kuposa za mmene Agiriki ankakhalira.

Khalidweli silinayambe ndi iwo. Chithunzi chotchuka cha Raphael chotchedwa The School of Athens, chimene chinajambulidwa pakhoma ku Vatican pakati pa 1509 ndi 1511, chimasonkhanitsa anzeru a Chigiriki m'holo imodzi, Plato ndi Aristotle ali pakati. Msonkhano umenewo sunachitikepo. Pythagoras, amene ali m'munsi akulemba m'buku, anamwalira Plato asanabadwe n'komwe. Ngakhale kuyera kwa miyala kumene timakutenga ngati chizindikiro cha Agiriki ndi ngozi chabe. Ziboliboli ndi akachisi awo ankapakidwa utoto wofiira, wobiriwira ndi wina wowala. Mvula ndi zaka zinauchotsa, ndipo anthu a ku Ulaya atazipeza zili zoyera anayamba kuphunzitsa kuti kukongola kwenikweni ndi kuyera. Alma-Tadema mwiniyo ankadziwa za utotowu, moti mu 1868 anajambula zosema za pakachisi wa Parthenon zili ndi mitundu yake. Koma chimene chinakhazikika m'maso mwa dziko ndi mwala woyera.

Zimene zinatsala kunja kwa felemu

Sindikunyoza Agiriki. Amene timaphunzira masamu timakumana ndi Pythagoras ndi Euclid. Anzathu a zaumoyo ku Malamulo amamva za Hippocrates. Mawu akuti demokalase ndi awo, ndipo Chipangano Chatsopano chinalembedwa m'chinenero chawo. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Mu Athens wa demokalase uja, ovota anali amuna akuluakulu okha amene anali mbadwa za mzindawo. Akazi sankavota, alendo okhazikika sankavota, ndipo akapolo, amene anali ochuluka kwambiri, ankawerengedwa ngati katundu. Siliva amene anamanga zombo zankhondo za Athens ankakumbidwa ku migodi ya Laurion ndi akapolo okwawa m'ngalande zopapatiza ndi tinyale ta mafuta. Wolemba mbiri wawo Thucydides akuti pa nthawi ya nkhondo ndi Sparta akapolo oposa 20,000 anathawa ku Athens. Munthu sathawa pamalo pamene pali pabwino. Aristotle, amene Raphael anamuika pakati pa chithunzi, anaphunzitsa kuti anthu ena amabadwa kuti akhale akapolo.

Kachisi wa Parthenon anamangidwa pakati pa 447 ndi 432 BC. Patangopita zaka ziwiri, mu 430 BC, mliri unagwa mumzindamo anthu atathithikana m'kati mwa malinga pothawa nkhondo, ndipo unapha anthu osawerengeka, kuphatikizapo mtsogoleri wawo Pericles. Mu 416 BC asilikali a Athens anagonjetsa chilumba chaching'ono cha Melos, anapha amuna n'kugulitsa akazi ndi ana. Mu 399 BC bwalo la mzinda womwewo linaweruza Socrates kuti amwe chiphe chifukwa cha zimene ankaphunzitsa achinyamata. Zonsezi ndi Greece, mofanana ndi nsanamira zija.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Agiriki eniake anasiya zithunzi zawo pamitsuko yadothi, ndipo ina mwa mitsuko ya ku Athens ya cha m'ma 500 BC ikuonetsa akazi ali pamalo otungira madzi. Ena akudikira pamzere, ena akucheza, ena akubwerera mitsuko ili pamutu. Wopita kukatunga waugoneka chammbali mtsuko wake chifukwa ndi wopanda kanthu, wobwerera wauimika chifukwa wadzaza. Ena ali ndi nkhata pamutu. Aliyense amene anaimapo pamjigo m'mudzi mwathu angazindikire zimene zikuchitikazo popanda womasulira. Yankho la mtsikana uja linalipo kale, lojambulidwa ndi Agiriki okha. Ine ndinampatsa maloto a munthu wa ku London.

Maso a Paulo ndi a Danieli

Ife Aadventisti tili ndi chithunzi chathu cha Greece, ndipo tinachiona tili ana. Pa efoti iliyonse mlaliki amatambasula fano la pa Danieli 2, n'kuloza mimba ndi ntchafu zamkuwa, pambali pake palembedwa 331 mpaka 168 BC. Pa Danieli 7 ufumu womwewo ndi nyalugwe wa mapiko anayi ndi mitu inayi. Pa Danieli 8 ndi tonde wothamanga amene nyanga yake yaikulu inathyoka ali pachimake cha mphamvu. Alexander, amene ojambula ambiri amamuonetsa ngati mnyamata wokongola pa kavalo, anafafaniza mzinda wa Thebes mu 335 BC n'kugulitsa otsala ake muukapolo, ndipo anamwalira ku Babulo mu 323 BC ali ndi zaka 32, akazembe ake n'kugawana ufumu. Ulosi sukana kuti Greece anali wamphamvu ndi wowala ngati mkuwa, koma ukumuonetsanso ngati chilombo chimene chili ndi mano.

Paulo anafika ku Athens, mzinda umene Baibulo lathu limautcha Atene, Parthenon ili chiimire ndi ulemerero wake. Machitidwe 17 akutiuza kuti mtima wake unavutika poona mafano ali ponseponse. Sanatseke maso. Anayendayenda, anawerenga zolembedwa pamaguwa, anakambirana ndi anthu pamsika, ndipo polalikira pa Areopagi anatchula ngakhale alakatuli awo. Anawalemekeza osawapembedza. Ku Filipi, pa Machitidwe 16, munthu amene nkhani ikumuika poyera ndi mtsikana kapolo amene ambuye ake ankadyerapo. M'kalata yoyamba yopita ku Akorinto, Paulo akukumbutsa mpingo kuti ambiri mwa iwo sanali anzeru, amphamvu kapena obadwira m'mabanja apamwamba. Kalata yonse ya Filemoni ndi yokhudza kapolo mmodzi, Onesimo. Uthenga wabwino utalowa m'dziko la Agiriki unafikira anthu omwe aja amene ojambula a ku London anawasiya kunja kwa felemu.

Ndiponso Baibulo silikongoletsa ngakhale anthu ake. Likutiuza za kuledzera kwa Nowa, bodza la Abrahamu, tchimo la Davide ndi kukana kwa Petro. Buku limene timalitcha muyezo wa choonadi silinachite manyazi kusiya zipsera pankhope za oyera mtima. Nanga ife tikuchitiranji manyazi?

Nafenso timatero

N'kosavuta kuloza chala azungu a m'ma 1800. Koma kwerani phiri la Zomba mukaone zithunzi zimene zimagulitsidwa kwa alendo kufupi ndi Ku Chawe, kapena zimene zimapachikidwa m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Dzuwa likulowa lili psuu, mlambe uli poteropo, bwato lili phee pamadzi, ndipo amayi aatali oonda akuyenda pamzere mitsuko ili pamutu. Apa otunga madzi alipo, koma asanduka maluwa. Alibe nkhope, khosi silikuwawa, mtunda suoneka, ndipo simungadziwe kuti mmodzi wa iwo wajomba kusukulu. Kuchotsa wantchito pachithunzi ndi kumusandutsa chokongoletsera ndi njira ziwiri zochitira chinthu chimodzi.

Chigwa cha Domasi chomwechi chili ndi mbiri imene sikwana pachithunzi chotere. Mu 1885, chaka chimene Alma-Tadema anamaliza chithunzi chake cha anthu omvetsera ndakatulo za Homer ali pamipando ya mabo, mishoni ya Church of Scotland imene Alexander Hetherwick anatsegula ku Domasi inali ndi chaka chimodzi chokha, ndipo m'dera lino anthu anali akugwidwabe n'kuyendetsedwa ulendo wa kunyanja ya mchere kukagulitsidwa. Linga la mfumu Kawinga paphiri la Chikala linagwa m'manja mwa asilikali a atsamunda mu 1895. Ogwidwa ndi ogwira, ogulitsa ndi othawira kumapiri, onsewo ndi makolo athu, ndipo zidzukulu zawo lero timakhala pabenchi imodzi m'tchalitchi. Pambuyo pake kunabwera msonkho ndi thangata. Agogo athu amakumbukira Napolo wa ku Zomba wa 1946 ndi njala ya 1949. Nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umathira, inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, asodzi n'kusowa kolowera.

Komabe tamverani mmene timakambira za kale. Timati kale kunalibe matenda, ana onse anali aulemu, nkhokwe zinali zodzaza chaka chonse. Ena amakamba za nthawi ya Kamuzu ngati munda wa Edeni, n'kuiwala kuti ndende ya Mikuyu ili m'boma lomwe lino la Zomba, ndipo anthu ngati Jack Mapanje anakhalamo kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Misewu ndi chimanga cha masiku amenewo zinalipodi, ndipo Mikuyu inaliponso. Wojambula chimodzi n'kubisa chinzake ndi mnzake wa Godward, kungoti wasintha utoto.

Ngakhale mbiri ya mpingo wathu timaijambula ndi burashi yomweyo. Funsani ana a Sukulu ya Sabata kuti ajambule mmishonale woyamba wa Adventisti ku Malamulo, muone khungu limene ampatse. Koma Thomas Branch, amene anafika kumeneko ndi banja lake mu 1902, anali munthu wakuda wa ku America. Ndipo ntchito yaikulu yotsegula masukulu a m'midzi inagwiridwa ndi aphunzitsi a kuno konkuno oyenda wapansi, ngati a m'banja la Malinki. Chithunzi chimene chili m'mutu mwathu chinawachotsa, monga chija chinachotsa otunga madzi a ku Athens.

Kodi kukongola n'kulakwa?

Mnzanga wina wa m'chipinda chimodzi, amene amajambula bwino kwambiri, ananditsutsa. Anati chithunzi si nyuzipepala. Munthu amene watopa ndi ngongole ya fizi ndi kuzimazima kwa magetsi ali ndi ufulu wopachika pakhoma chinthu chomupumitsa. Anawonjeza kuti mnyamata wa Ku Chawe amajambula zimene mlendo angagule, ndipo akajambula mwana wodwala kolera agona ndi njala iyeyo. Anandikumbutsanso kuti zithunzi za dziko latsopano zimene zili m'mabuku athu, za mkango wogona ndi mwana wa nkhosa, nazonso n'zokongola kuposa moyo umene tikuudziwa.

Zambiri mwa izi ndikuvomereza. Kukongola ndi mphatso ya Mulungu, ndipo luso la Alma-Tadema pojambula kuwala kwa dzuwa pamwala ndi lodabwitsa. Mnyamata wa Ku Chawe sindikumuimba mlandu. Akufuna ufa ngati tonsefe. Koma pali kusiyana pakati pa chithunzi cha chiyembekezo ndi chithunzi cha mbiri. Cha dziko latsopano chimanena poyera kuti izi sizinafike, tikuzidikira. Cha Greece wa mabo chimati izi zinalipo, kwinakwake, kwa anthu ena. Choyamba chimalimbitsa mtima wa wovutika. Chachiwiri chimamuuza kuti kuvutika kwake ndi umboni wakuti iye ndi wotsalira.

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana wa ku Domasi akaona kuti chitukuko ndi anthu oyera khungu, ovala zoyera, okhala pamiyala yoyera osagwira ntchito, kenako n'kuyang'ana amayi ake ali m'matope a mpunga, amaphunzira chinthu chimene mphunzitsi sananene. Amaphunzira kuti nzeru ndi thukuta sizikhalira limodzi, ndipo kuti kwawo si malo amene zinthu zazikulu zingachitikire. Akakula amachita manyazi ndi khasu ndi chinenero chake. Kapena amatembenukira mbali inayo, n'kudzipangira Malawi wakale wopanda banga amene sanakhaleko, n'kumada aliyense womukumbutsa za Chikala kapena Mikuyu. Njira zonse ziwirizi zimabala munthu wosatha kukonda dziko lake mmene lililimu. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu sukunena kuti mwendowo ndi wautali. Ukunena kuti uuone mmene ulili, ndipo umukondebe.

Ena amatchula Afilipi 4:8 ponena kuti tiziganizira zokongola zokha. Koma tsegulani muone dongosolo lake. Paulo polembera mpingo wa mumzinda wa ku Makedoniya anayamba ndi zoona, ndipo zokongola zikubwera pambuyo pake pamndandanda womwewo. Sanatiuze kuti tisankhepo chimodzi.

Tichite chiyani?

Ambiri a ife tikutuluka pano kukakhala aphunzitsi, abusa, anamwino ndi atsogoleri a achinyamata. Tidzasankha zithunzi tsiku ndi tsiku: za pa pulojekita pa efoti, za m'kalasi ya ana pa Sabata, za pa positala ya msonkhano wa misasa, za pa gulu la WhatsApp la mpingo. Masiku ano vutoli lakula, chifukwa kompyuta imatha kupanga chithunzi cha Athens kapena cha Yerusalemu m'kamphindi, ndipo chimatuluka chosalala kuposa cha Godward, poti makinawo anaphunzira pa zithunzi zomwe zija.

Sindikunena kuti tizitaye kapena kuziwotcha. Ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tisanaonetse chithunzi tidziwe amene anachijambula, chaka chake, ndi amene ankamujambulira, ndipo tiwauze oonerawo. Kungonena kuti ichi chinajambulidwa ku London mu 1885 kumasintha mmene mwana akuchionera. Chachiwiri, tiike pambali pake chinthu chochokera kwa eni nthawiyo, monga mtsuko uja wa akazi otunga madzi, kuti ana afananize okha. Chachitatu, tiphunzitse ana kufunsa funso la mtsikana uja pa chithunzi chilichonse, kuphatikizapo za m'mabuku a mpingo: amene wasowa apa ndani?

Pempho lina lipite kwa a Malawi Institute of Education, amene ali ku Domasi komweko ndipo amakonza zimene ana a dziko lino amaphunzira: pokonza mabuku a mbiri, chithunzi chizisankhidwa mosamala ngati chiganizo. Ndipo kwa anzathu aluso la zojambula pa koleji pano, chigwa chija chikudikira wochijambula moona. Phiri la Malosa m'mawa ndi lokongola popanda kuwonjezera kanthu. Mayi wowokera mpunga ali ndi nkhope, ali ndi dzina, ndipo manja ake ali ndi mbiri. Mjambuleni iyeyo, osati mthunzi wake.

Sabata yanga yomaliza pa sukulu ija ndinabwerera m'kalasi muja ndi chithunzi cha mtsuko wa ku Athens. Ndinawauza ana kuti tsiku lija ndinalakwa kuseka, ndipo kuti funso la mnzawo linali labwino kuposa phunziro langa lonse. Foni inayendanso mzere ndi mzere. Itafika kwa mtsikana uja anaikuza ndi zala ziwiri, n'kuyang'anitsitsa pamutu pa mmodzi wa akaziwo.

"Aphunzitsi," anatero, "nkhata yakeyi ndi yaing'ono. Ameneyu afika kunyumba khosi likuwawa."